Kanema, Zoom kapena kukwera ndege: njira zoyesedwera pofuna malo a masters ya zoimba

Chaka china mu November tinatha masiku atatu m'tchalitchi tikulimbana ndi kujambula nyimbo zinayi zokha. Woimba anali mtsikana wa mawu a soprano amene ndinamuona akukula m'kwaya, ine ndili pa kiyibodi, foni titaitsamiritsa pa mabuku a nyimbo osanjikiza pa tebulo. Tsiku loyamba mvula inayamba kugunda malata nyimbo ya Chijeremani ili pakati. Lachiwiri magetsi anazima, kiyibodi n'kukhala chete. Lachitatu tinalawira m'mawa, tinadikira atambala a m'nyumba zoyandikana atope, ndipo tinajambula maminibasi asanayambe kuitanira anthu pamsewu. Mawu ake anali asanadzuke bwino, koma chipinda chinali zii. Kanema ameneyo ndi amene anapita ku sukulu zimene ankafuna.

Ndayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa ambiri akamva za mayeso oimba, amene oimba amangoti audition, amaganiza za munthu ataima m'holo yaikulu pamaso pa mapulofesa. Kwa munthu wochokera kutali, khomo loyamba si limenelo. Ndipo njira imene mwasankha kuti akumvereni ikhoza kukudyerani ndalama zonse musanalowe n'komwe m'kalasi.

Choyamba tigwirizane chinthu chimodzi. Pa digiri yachiwiri ya kuimba, satifiketi yanu ya digiri yoyamba imangokulolani kugogoda. Wotsegula ndi mphunzitsi wa chida chanu kapena wa mawu anu. Mphunzitsi aliyense amakhala ndi ophunzira owerengeka amene amakumana nawo mmodzimmodzi sabata iliyonse, ndipo malo amatseguka pokhapokha wina akamaliza. Choncho simukuyesedwa ndi yunivesite yonse ayi, mukuyesedwa ndi munthu amene akudzifunsa ngati angakhale nanu m'chipinda chimodzi ola lathunthu sabata iliyonse kwa zaka ziwiri. Njira yabwino ndi imene ingafikitse kaimbidwe kanu kenikeni m'makutu a munthu ameneyo, popanda kukusiyani m'ngongole.

Kanema wojambula nokha

Pali makanema a mitundu iwiri, ndipo ambiri amawasokoneza. Woyamba ndi wosefera. Sukulu zazikulu za ku America, monga Juilliard ku New York, Eastman ya University of Rochester, Jacobs School of Music ya Indiana University ku Bloomington ndi sukulu ya zoimba ya University of Michigan ku Ann Arbor, zimalandira makalata ochuluka kuposa anthu amene zingawamvere maso ndi maso. Pa zida zambiri amafuna kanema limodzi ndi fomu, nthawi zambiri pofika pa 1 December, ndipo okhawo amene adutsa pa sefa imeneyi ndiwo amaitanidwa. Wachiwiri ndi kanema wolowa m'malo mwa mayeso enieniwo, amene sukulu zina zimalola kwa anthu okhala kutali kwambiri. Sikuti sukulu iliyonse imalola zimenezi, ndipo m'sukulu imodzi momwemo gawo la piyano likhoza kulola pamene gawo la otsogolera kwaya likukana. Funsani musanalipire ndalama ya fomu.

Malamulo a kanema ndi ofanana pafupifupi kulikonse. Nyimbo iliyonse ijambulidwe kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadula, osasoka, osawonjezera zokometsera mawu za mu situdiyo. Nkhope ndi manja zioneke. Apa ndi pamene anzathu ozolowera kujambula nyimbo za pa wailesi amalakwitsa: amapita nanu ku situdiyo, n'kukuikani m'kachipinda komata masiponji, kenako n'kuthira mawu anu zonunkhiritsa kuti amveke ngati a m'tchalitchi chachikulu. Mphunzitsi wa mawu amazindikira zimenezi m'masekondi ochepa, ndipo akayamba kukayikira kanema, wakayikiranso inu. Chipinda chachikulu bwino chopanda phokoso, maikolofoni imodzi yabwino yoikidwa masitepe angapo kuchoka pamene mwaima, basi.

Ubwino wa kanema ndi woonekeratu. Mukhoza kubwereza. Mumaimba m'nyengo imene thupi lanu laizolowera, mutagona pa bedi lanu, mutadya nsima yanu. Ndalama ya ulendo umodzi wa ndege ikhoza kulipira mafomu a sukulu zingapo, woimba piyano wabwino ndi wojambula. Koma mwayi wobwerezawo ndi umenenso umapha. Ndaonapo woimba akujambula nyimbo imodzi kakhumi ndi kawiri pofuna kuchotsa kacholakwa kamodzi, ndipo pomaliza kacholakwako kanachoka koma nyimbo inali itafa, mawu atatopa, nkhope ikuoneka ya munthu amene akuwerenga masitepe. Ine ndimati katatu pa tsiku n'kokwanira. Ngati sizinatheke, bwerani mawa.

Vuto lina ndi piyano. Piyano yosachunidwa imamvetsa woimba wabwino ngati wosokera, ndipo kwathu kuno ochuna piyano ndi osowa. Ngati yeniyeni ili yophotchoka, kiyibodi yabwino ya makiyi 88 olemera imaposa, bola muyambe mwafunsa sukuluyo ngati ikulola. Kwa amene akufuna digiri ya piyano yeniyeniyo nkhani ndi ina: pamenepo sakani piyano ya zingwe yochunidwa bwino, ngakhale zitatanthauza kuyenda ulendo wa tsiku lathunthu. Ndipo onani kalendala. Tsiku la 1 December limagwa mvula itayamba, ndiye wanzeru amajambula mu September kapena October, malata ali chete.

Chimene kanema sangachite ndi kuyankha funso. Mphunzitsi sangakuuzeni kuti bwerezani mzere uwo mofewa kuti aone ngati ndinu wophunzitsika. Amangoona zimene mwafika nazo, osati kumene mungafike.

Kukaima pamaso pawo

Mayeso a maso ndi maso ndi aafupi modabwitsa. Mphindi 10, 15, mwina 20. Kawirikawiri mumasankha nokha nyimbo yoyamba, kenako iwo amasankha pa mndandanda umene mwapereka, ndipo amakudulani pakati. Kukudulani si chizindikiro choti mwalephera, nthawi ndiyo yachepa. Woimba ndi mawu amayembekezeka kubwera ndi nyimbo za Chitaliyana, Chijeremani, Chifalansa ndi Chingerezi, zina za opera (masewero ochita kuimba), zina za oratorio (nyimbo zazitali zosimba nkhani, makamaka za m'Baibulo), zonse zapamtima. Wa piyano nthawi zambiri amafunsidwa prelude ndi fugue ya Bach, sonata yathunthu ya Haydn, Mozart kapena Beethoven, nyimbo ya m'zaka za m'ma 1800 ndi ina ya m'ma 1900 kapena yaposachedwa. Wa jazz amaimba nyimbo zodziwika za mwambo umenewo ndi kupeka pomwepo pamodzi ndi gulu limene sanaimbe nalo chiyambire. Sukulu zina zimakupatsani pepala la manotsi amene simunawaonepo kuti muwerenge pomwepo, ndipo apa amene tinakulira pa solofa ya m'kwaya tiyenera kuvomereza kuti ntchito ilipo: do re mi yatilera bwino makutu, koma kumeneko amafuna maso othamanga pa mizere isanu.

Phindu lalikulu la ulendowu silili m'mphindi 15 zija. Lili m'zimene zimachitika m'mbali mwake. Mukhoza kupempha phunziro limodzi kwa mphunzitsi amene mukumufuna, n'kuona mmene amakonzera cholakwa, ngati amamvetsera, ngati mukumvana. Mumacheza ndi ophunzira ake m'makonde, ndipo iwowo ndi amene amakuuzani zoona za lendi, za nthawi imene mphunzitsiyo amakhala kulibe chifukwa cha makonsati, za mmene thandizo la fizi limagawidwira. Ndipo ndikhulupirira kuti pamene aphunzitsi akukangana za amene apatsidwe ndalama, munthu amene anamumva mawu ake akudzaza chipinda amakumbukika kuposa amene anamuona pa kompyuta.

Koma taonani mtengo wake. Mayeso a ku America amachitika kuyambira January mpaka March, pakati pa nyengo yawo yozizira. Ku Rochester, Ann Arbor ndi Bloomington nthawi imeneyo kumakhala chipale chofewa, ndipo m'nyumba mpweya umauma chifukwa cha zotenthetsera. Munthu wochoka m'chinyezi cha February wa kwathu amadzuka kukhosi kuli gwa. Nthawi imasiyana ndi maola asanu ndi awiri pakati pa Lilongwe ndi New York m'miyezi imeneyo, ndiye kufika dzulo lake n'kuimba lero ndi kudzipweteka nokha. Pamafunika masiku atatu kapena anayi, ndipo tsiku lililonse ndi ndalama ya malo ogona. Woimba piyano wokuperekezani mumakumana naye mwina kwa theka la ola, mwina pakhomo pomwepo.

Pamwamba pa zonsezi pali viza. Pa 20 August 2025 dziko la America linayamba kufuna kuti anthu a mapasipoti a Malawi ndi Zambia opempha viza yokacheza azisiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Viza yokacheza ndi imene munthu amayendera popita kukayesedwa. Malamulo a maviza a kumeneko, kuphatikizapo a ophunzira, akhala akusinthasintha, choncho fufuzani mmene zilili tsiku limene mukulemba fomu, musanataye ndi tambala yomwe. Maganizo anga ndi awa: musagule tikiti yopita ku America chifukwa cha sukulu imodzi imene simunalankhulepo ndi mphunzitsi wake. Ngati mwadutsa pa sefa m'sukulu ziwiri kapena zitatu, masiku ake ayandikana, ndipo mphunzitsi wina wasonyeza chidwi chenicheni, pamenepo ulendo uli ndi mutu.

Za Zoom sindichedwapo. Zinafala nthawi ya Covid-19 ndipo sukulu zina zinazisunga, makamaka pa kucheza ndi ofuna malo. Pa kucheza ndi zabwino kwambiri. Pa kuimba ndi njira imene ndimaiika kumapeto, chifukwa imatenga mantha a maso ndi maso n'kuwaphatikiza ndi mavuto a kanema. Netiweki ikagwedezeka noti yanu yabwino imaduka, ndipo pulogalamuyo inapangidwira kulankhula, moti imayesa noti yaitali ngati phokoso n'kuyamba kuichepetsa, pokhapokha mutatsegula batani la original sound. Wa piyano ayenera kukhala m'chipinda chimodzi ndi inu chifukwa mawu amachedwa pa intaneti. Ngati sukulu yakupatsani mwayi wosankha, tumizani kanema wa nyimbo, ndipo pemphani Zoom yocheza ndi mphunzitsi. Kuphatikiza kumeneku ndi kumene ndimalangiza ambiri.

Dziko limene mwaloza limasintha zonse

Ku America masters ya zoimba imatenga zaka ziwiri, fizi ndi yokwera, koma ndi kumenenso kuli njira zambiri zoichepetsera. M'mayunivesite akuluakulu wophunzira wa digiri yachiwiri akhoza kupatsidwa ntchito yothandiza kuphunzitsa, kuperekeza oimba pa piyano kapena kutsogolera kwaya ya ophunzira, n'kuchotseredwa fizi ndi kulandira kangachepe pa mwezi. Yale School of Music siilipiritsa fizi kuchokera pamene inalandira mphatso ya madola 100 miliyoni mu 2005, ndipo Curtis Institute ku Philadelphia yakhala yosalipiritsa fizi kuyambira 1928, koma pa chifukwa chomwecho malo ake amalimbiranidwa ndi dziko lonse lapansi. Ine ndimauza achinyamata kuti asathamangire maina okhaokha. Yunivesite ya boma ya m'dera losatchuka, yokhala ndi mphunzitsi wabwino ndi ntchito yothandizira, imaposa sukulu yotchuka imene yakulandirani popanda ndalama. Mayankho amabwera cha mu March ndi April, ndipo mayunivesite ambiri anagwirizana kuti wolonjezedwa thandizo ali ndi mpaka pa 15 April kuti ayankhe, ndiye musalole kukakamizidwa msanga. Dziwaninso kuti mukafika amakulembetsani mayeso a theory (malamulo a kapangidwe ka nyimbo) ndi mbiri ya nyimbo, ndipo wolephera amawonjezeredwa makalasi obwereza.

Ku Britain kalendala imafulumira. Sukulu monga Royal Academy of Music, imene inakhazikitsidwa mu 1822, Royal College of Music, Royal Northern College of Music ku Manchester ndi Royal Conservatoire of Scotland ku Glasgow zimalandira mafomu kudzera pa UCAS Conservatoires, tsiku lomaliza limakhala kumayambiriro kwa October, ndipo mayeso amachitika cha mu November ndi December. Guildhall School ku London imalandira mafomu payokha. Sukuluzi zinazolowera kulandira makanema a anthu akunja. Chovuta ndi ndalama: fizi ya wochokera kunja m'sukulu za ku London imapitirira mapaundi 20,000 pa chaka, osawerengera malo ogona. Thandizo la boma la Britain lotchedwa Chevening limalipira masters ya chaka chimodzi chokha, limafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, komanso kuti mubwerere kwanu mukamaliza. Maphunziro ambiri a kuimba m'sukulu zimenezi ndi a zaka ziwiri, choncho yang'anani ngati pali a chaka chimodzi musanamange chiyembekezo chanu pa Chevening.

Ku Germany sukulu zambiri za boma sizilipiritsa fizi yeniyeni, kupatula madera monga Baden-Württemberg kumene ochokera kunja kwa Ulaya amalipira mayuro 1,500 pa semesita. Koma kumeneko amakonda kukumvani maso ndi maso, amafuna Chijeremani, ndipo viza imafuna umboni wa ndalama zodyera chaka chonse.

Kumene ndikufuna muganizepo mofatsa ndi ku South Africa, chifukwa ambiri amakulumpha ngati kuti kuyandikira ndi kuchepa. South African College of Music ya University of Cape Town, imene inayamba mu 1910, yatulutsa oimba opera amene akuimba m'nyumba zazikulu za dziko lapansi. Pretty Yende ndi Pumeza Matshikiza anadutsa kumeneko. University of KwaZulu-Natal ku Durban ndi yodziwika pa jazz kuyambira m'ma 1980 pamene Darius Brubeck anayambitsa maphunzirowo, komanso pa nyimbo ndi magule a mu Africa. Stellenbosch ndi Pretoria ali ndi mwambo wolimba wa kwaya ndi zida za ku Ulaya. Kuno ndi kumene mayeso a maso ndi maso amatheka popanda kugulitsa munda. Ndege ndi maola ochepa, basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge imakutulani pa Park Station ku Johannesburg, wotchi simuisintha, ndipo nyengo siikudabwitsani kukhosi. Chifukwa cha mgwirizano wa SADC wa 1997 pa maphunziro, ophunzira a m'chigawo chino kawirikawiri amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kuwonjezapo ndalama ina ya alendo. Chaka cha sukulu chimayamba mu February. Pali zinthu ziwiri zofunika kukonzekera msanga: digiri yanu iyenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la kumeneko lounika madigiri, zimene zimatenga nthawi, ndipo akhoza kukuuzani kuti muyambe mwachita chaka cha honours musanalowe masters. Kumeneko masters ya kuimba nthawi zambiri imayenda limodzi ndi kulemba kafukufuku, ndiye cholembera chanu chimayesedwa pamodzi ndi mawu anu.

Khomo limene silifuna nyimbo ya opera

Pali funso limene ndimafunsa aliyense wobwera kwa ine ndi nkhaniyi: kodi chimene mumachidziwa kuposa anzanu onse ofuna malowo n'chiyani? Wina amene anayamba vayolini ali ndi zaka zinayi ku Seoul kapena ku Vienna adzakhala patsogolo panu pa nyimbo zovuta za Paganini, ndipo palibe manyazi pamenepo. Koma iyeyo sadziwa mmene ng'oma za Gule Wamkulu zimayankhulirana ndi mapazi a wovina, sanamvepo bangwe usiku, sadziwa kusiyana kwa kaligo ndi sansi, sangafotokoze chifukwa chimene kwaya ya Mvano imakokera nyimbo mmene imakokeramo. Maphunziro a ethnomusicology (kufufuza nyimbo za mitundu ya anthu m'chikhalidwe chawo), a kaphunzitsidwe ka nyimbo ndi a kupeka nyimbo salowedwa ndi mphindi 15 za pa siteji. Amafuna chitsanzo cha zolemba zanu, ndondomeko ya kafukufuku amene mukufuna kuchita, makalata a aphunzitsi anu, ndipo kwa opeka, manotsi a nyimbo zanu pamodzi ndi zojambula zake. Zonsezi zimatumizidwa muli pakhomo panu.

Rhodes University ku Makhanda imasunga International Library of African Music, imene Hugh Tracey anayambitsa mu 1954, ndipo m'menemo muli nyimbo zimene anajambula ku Nyasaland m'ma 1950, mawu a agogo athu amene zidzukulu zawo zambiri sizinawamvepo. SOAS ku London, UCLA ndi Wesleyan ku America ndi malo odziwika pa maphunziro a mtundu umenewu. Ntchito imene Gerhard Kubik ndi Moya Malamusi anagwira ku Chileka ikusonyeza kuti nyimbo za kwathu zili ndi malo ake pa maphunziro apamwamba, ndipo UNESCO inazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, Tchopa mu 2014. Amene anaphunzira zaluso ku University of Malawi ku Zomba ali kale ndi poyambira.

Sindikunena kuti aliyense asiye kuimba akhale wofufuza. Ngati mtima wanu uli pa siteji ndipo mawu alipo, pitani mukaimbe, ndipo musalole wina akuuzeni kuti Mozart si wanu. Chimene chimandipweteka ndi kuona munthu wodziwa ng'oma mozama akutha chaka akuloweza nyimbo ya Chifalansa imene saikonda, chifukwa palibe anamuuza kuti khomo lina lilipo. Njira iyinso ili ndi mtengo wake: muyenera kulemba Chingerezi cha maphunziro cholongosoka, kuwerenga kwambiri, ndi kupirira kukhala pa desiki nthawi imene anzanu ali m'chipinda choyeserera. Sukulu zina zimafunanso mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL ngakhale munaphunzira m'Chingerezi, ndiye funsani ngati angakuchotsereni.

Njira iliyonse imene mwasankha, kalata yopita kwa mphunzitsi ilembedwe miyezi ingapo tsiku lomaliza lisanafike. Ikhale yaifupi: ndinu ndani, mwaphunzira ndi yani, n'chifukwa chiyani mwasankha iyeyo, ndi kanema mmodzi wa mphindi zosapitirira zisanu. Funsani ngati adzakhala ndi malo chaka chimenecho, ndiponso ngati oyesedwa pa kanema amaganiziridwa pa thandizo la fizi mofanana ndi obwera okha. Funso lachiwirili ndi limene limakuuzani ngati tikiti ndi yofunika.

Mtsikana wa m'tchalitchi uja analemba makalata asanu otere. Aphunzitsi awiri anayankha, ndipo mmodzi anamupatsa theka la ola pa Zoom, n'kumuuza kuti nyimbo yachitatu pa mndandanda wake inali yolemera kuposa msinkhu wa mawu ake, aichotse. Anaichotsa. Sukulu ina ya kutsidya kwa nyanja inamuitana kuti akaimbe mu February, koma atawerengetsa tikiti, viza ndi malo ogona anapeza kuti ndalamazo zikanamusunga miyezi ingapo pa sukulu ya kufupi. Anakwera basi ya ku Johannesburg, diresi la konsati atalipinda m'pepala la pulasitiki pamwamba pa chikwama kuti lisakwinyike, manotsi a wa piyano atawamata bwino ndi tepi tsamba ndi tsamba, kopi ina ili m'chikwama cha m'manja.